Masamba akapha mabakiteriya mu labotale, kodi ndiye kuti angachize munthu?

Pa magulu a WhatsApp a kumpingo, a kuntchito ndi a pachibale muno mu Lilongwe pamabwera kawirikawiri uthenga wonena kuti asayansi apeza kuti nimu, adyo, cham'mwamba kapena masamba a gwafa amapha tizilombo timene tayamba kukana mankhwala a kuchipatala. Nthawi zina amaikapo ndi chithunzi cha kambale ka mu labotale komanso dzina la yunivesite. Ena akawerenga amayamba kuwiritsa masamba tsiku lomwelo. Ena amangoti ndi bodza la ogulitsa zitsamba. Onsewa pali chimene akuphonya. Kafukufuku wa mtundu umenewu alipodi, ndi wochuluka, ndipo zambiri zimene amapeza n'zoona. Pamene pamavuta ndi pa tanthauzo limene ife owerenga timazipatsa.

Tizilombo take ndi titi?

Matenda opatsirana amayamba ndi tizilombo ta mitundu yosiyana kwambiri. Chimfine, chikuku ndi Edzi zimayamba ndi mavairasi. Malungo ali ndi kachilombo kakenso kamene udzudzu umafalitsa. Nkhani ino ndi ya mabakiteriya, tizamoyo ta selo imodzi tosaoneka ndi maso, timene timayambitsa kolera, taifodi, TB, chinzonono, chibayo chambiri, matenda a m'chikhodzodzo ndi mafinya a m'zilonda. Mankhwala amene amapha mabakiteriya kapena kuwaletsa kuswana amatchedwa maantibayotiki. Amoxicillin, Bactrim, doxycycline, ciprofloxacin ndi jakisoni wa ceftriaxone onse ali m'gulu limeneli, ndipo palibe ndi amodzi omwe amene amagwira mavairasi.

Anthu ambiri amati "thupi langa linazolowera mankhwala". Chimene chimasintha si thupi la munthu ayi, koma bakiteriyayo. Aliyense amene anasungapo chimanga akudziwa mmene zimakhalira ndi anankafumbwe. Ukathira mankhwala operewera m'thumba, ofooka amafa, olimba n'kutsala. Otsalawo amaswana, ndipo ana awo amatengera kulimba komweko, mpaka mankhwala amene ankagwira kale asiya kugwira. Mabakiteriya amachita chimodzimodzi, koma mwaliwiro loopsa. Bakiteriya wa m'matumbo wotchedwa E. coli akapeza malo abwino amagawikana pawiri pa mphindi 20 zilizonse, kotero kuti m'maola 7 mmodzi yekha amakhala atafika pa 2 miliyoni.

Njira zawo zodzitetezera n'zingapo. Ena amapanga madzi amene amaphwanya mankhwala asanagwire ntchito. Ena ali ndi timapampu pa khungu lawo timene timalavula mankhwala akangolowa. Ena amasintha kachiwalo kamene mankhwala amayenera kukagwira, kapena amatseka timipata tolowera. Chodetsa nkhawa kwambiri n'chakuti amatha kupatsirana luso limeneli, ngakhale pakati pa mitundu yosiyana, pogawana tizidutswa ta majini, amene ndi malangizo a chibadwa a m'kati mwa selo.

Alexander Fleming, amene anatulukira penicillin mu 1928, anachenjeza mu 1945 polandira mphoto ya Nobel kuti munthu akamwa mankhwalawa operewera adzaphunzitsa tizilombo kuwakana. Mu 1961 ku Britain kunapezeka mtundu wa Staphylococcus aureus, bakiteriya wa zithupsa ndi zilonda, umene unakana antibayotiki wotchedwa methicillin. Ndi umene lero umatchedwa MRSA. Kafukufuku amene anatuluka m'magazini ya The Lancet mu 2022 anapeza kuti mu 2019 anthu pafupifupi 1.27 miliyoni padziko lonse anamwalira chifukwa cha mabakiteriya okana mankhwala, ndipo mayiko a kumwera kwa chipululu cha Sahara ndi amene anakhudzidwa kwambiri poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu awo.

Za kwathu kuno zilipo. Akatswiri a Malawi-Liverpool-Wellcome anaunika zotsatira za magazi a odwala pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kuyambira 1998 mpaka 2016. Mu 2003, pa E. coli 100 aliwonse opezeka m'magazi, wokana mankhwala a gulu la ceftriaxone sankafika ndi mmodzi yemwe. Pofika 2016 anali 30. Kwa bakiteriya wina wotchedwa Klebsiella, amene amavutitsa kwambiri makanda, chiwerengero chinachoka pa 12 kufika pa 90. Ceftriaxone ndi jakisoni amene zipatala zathu zimadalira munthu akadwala kwakayakaya, ndiye mutha kuona pamene tafika.

Zoyambitsa zake timaziona tsiku ndi tsiku ku Kawale, ku Chinsapo, ku Area 25 ndi kwina konse: makapusozi atatu kapena anayi ogula pa golosale, amoxicillin womwera chimfine, mankhwala otsala a mwana wamkulu opatsa wamng'ono, maantibayotiki othira m'madzi a nkhuku zogulitsa. Sindikunena izi modzudzula. Munthu amene ayenera kusankha pakati pa kutaya tsiku lonse pa mzere ndi kugula makapusozi a ndalama imene ali nayo m'thumba, sakuchita zimenezi chifukwa cha kupusa.

Chimene chikukokera asayansi ku zomera

Mtengo sungathawe mdani. Nkhungu, mbozi ndi mabakiteriya zikaufikira, umadziteteza ndi mankhwala amene umapanga wokha m'masamba, m'khungwa ndi m'mizu. Kuwawa kwa nimu ndi fungo la bulugamu ndi mbali ya chitetezo chimenechi. Adyo ndi chitsanzo chodziwika bwino: ukamusinja, zinthu ziwiri zimene zinali zosiyana malo mkati mwake zimakumana n'kupanga allicin, amene Chester Cavallito ndi mnzake anamupatula mu 1944 n'kuonetsa kuti amapha mabakiteriya.

Komanso zomera zinatipatsapo kale mankhwala akuluakulu. Kwinini anapatulidwa ku khungwa la mtengo wa cinchona wa ku South America mu 1820. Artemisinin anapezeka ku China mu 1972 kuchokera ku chitsamba cha Artemisia annua, pa ntchito imene anatsogolera mayi Tu Youyou, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2015. LA amene takhala tikumwa kuno kuyambira 2007 muli mankhwala ochokera ku artemisinin yemweyo. Choncho amene amanena kuti m'zitsamba mulibe kanthu sakudziwa chimene amameza akadwala malungo.

Koma pali mfundo imene mauthenga aja satchula. Zitsanzo ziwirizi ndi za malungo, osati za mabakiteriya. Maantibayotiki amene ali m'zipatala lero anachokera ku nkhungu, monga penicillin, kapena ku mabakiteriya a m'dothi, monga streptomycin wa mu 1943, ndipo ena anapangidwa ndi akatswiri m'mafakitale. Ngakhale zomera zambirimbiri zayesedwa kwa zaka makumi ambiri, sizinatipatsebe antibayotiki womwa kapena wobaya amene madokotala angadalire pa matenda aakulu. Chifukwa chake chimaoneka tikalowa mu labotale momwemo.

Zimene zimachitika mu labotale

Wofufuza amayamba ndi kutola chomera, tinene khungwa la muwawani, chipatso cha mvunguti kapena mizu ya naphini. Ngati ndi wosamala, amapititsa nthambi yake kwa akatswiri a zomera, monga a National Herbarium ku Zomba, kuti atsimikize mtundu wake, popeza dzina limodzi la kumudzi limatha kuimira mitengo iwiri yosiyana. Akatero amaumitsa pamthunzi, kusinja, n'kuviika ufawo m'madzi kapena m'mankhwala osungunulira zinthu monga ethanol ndi methanol. Amasefa, n'kuumitsa madziwo mpaka patatsala phala lokhuthala kapena ufa. Chotsalachi ndi chimene chimayesedwa.

Apa pali kale kusiyana ndi zimene zimachitika pa mbaula. Methanol ndi poizoni, munthu sangamwe, ndipo amakoka m'tsamba zinthu zimene madzi a mumphika sangakoke. Kutentha nako kumawononga zina. Allicin uja sachedwa kuwonongeka, makamaka pamoto. Ndiye lipoti likati masamba oviikidwa mu methanol anapha mabakiteriya, silinanene kanthu za masamba owiritsa kunyumba.

Kenako amatenga kambale kokhala ndi chakudya cha mabakiteriya cholimba ngati phala lozizira, chotchedwa agar. Amapakapo mabakiteriya ponseponse, n'kuikapo timapepala tozungulira tonyowetsedwa ndi mankhwala a chomera aja. Pambali amaika kapepala ka antibayotiki wodziwika kuti ayerekezere. Kambaleko kamagona m'bokosi lofunda madigiri 37, ngati thupi la munthu, kwa maola 18 mpaka 24. Mawa lake mabakiteriya amakhala atamera mbale yonse, kupatula mozungulira kapepala kamene kali ndi mphamvu. Bwalo loyera limenelo amaliyeza mu mamilimita. Ndilo limaoneka pa zithunzi zija.

Bwaloli limangosonyeza kuti muli kanthu. Silinena kuti mphamvuyo ndi yochuluka bwanji. Muyeso wofunika kwambiri ndi wina umene akatswiri amaufupikitsa kuti MIC, kutanthauza mlingo wochepetsetsa wa mankhwala umene ungaletse mabakiteriya kuswana. Amausungunula pang'onopang'ono mpaka apeze pamene mphamvu yathera. MIC ikakhala yaing'ono ndiye kuti mankhwala ndi amphamvu.

Maantibayotiki ambiri amagwira ntchito pa mlingo wa mayikulogalamu imodzi kapena ochepa chabe pa mililita. Miligalamu imodzi muli mayikulogalamu 1,000. Akatswiri ambiri a mankhwala a zomera amati chotengedwa ku chomera chiyenera kugwira pa mlingo wosapitirira mayikulogalamu 100 pa mililita kuti chikhale choyenera kuchilondola. Koma malipoti ochuluka amene amati chomera chakuti chapha MRSA amakhala akunena za mamiligalamu. Tiwerengere limodzi. Munthu wamkulu ali ndi magazi pafupifupi malita 5. Ngati chomera chikufuna mamiligalamu 5 pa mililita, ndiye kuti m'magazi mokha muyenera kukhala magalamu 25 a phala lija nthawi imodzi, ndipo mlingowo ukhalebe choncho kwa masiku angapo. Kapusozi wamkulu wa amoxicillin ndi theka la galamu. Ine ndikaona lipoti lotere, nambala imeneyi ndi imene ndimayamba kufunafuna, chifukwa ikakhala yaikulu nkhani yonse ya kumwa imathera pomwepo.

Chinanso ndi mtundu wa bakiteriya amene wayesedwa. Kuyambira pa njira yopaka utoto imene Hans Christian Gram anapeza mu 1884, mabakiteriya amagawidwa m'magulu awiri. Gulu la Staphylococcus lili ndi khungu limene mankhwala amalowa mosavuta. Gulu la E. coli, Klebsiella ndi Salmonella lili ndi chikopa china chakunja chimene chimatchinga zinthu zambiri. Mankhwala a zomera kawirikawiri amagonjetsa gulu loyamba n'kulephera pa lachiwiri. Tsoka lake n'lakuti gulu lachiwirili ndi limene likupha anthu m'mawodi athu, monga anasonyezera manambala a ku Blantyre aja.

Ulendo wochoka m'mbale kukafika pamene pali matenda

Mu kambale, mankhwala ndi bakiteriya amakumana maso ndi maso. Jiki, sipiriti ndi mchere wambiri nazonso zimapha mabakiteriya mmenemo, koma palibe amene angazibaye mumtsempha. M'thupi mankhwala ayenera kupulumuka ku asidi wa m'mimba, kudutsa khoma la matumbo, kupirira chiwindi chimene ntchito yake ndi kuphwanya zinthu zachilendo, n'kukafika m'mapapo, mu impso kapena mu ubongo ali ndi mphamvu zokwanira. Ayeneranso kupha bakiteriya osawononga maselo a mwini thupi. Zinthu zambiri za m'zomera zimapha pong'amba khungu la selo, ndipo sizisankha kuti ili ndi la bakiteriya, ili ndi la munthu.

Mlingo nawo ndi wovuta. Mphamvu ya tsamba imasintha ndi dothi, nyengo, msinkhu wa mtengo ndi kasungidwe. Nimu wa ku Salima wothyoledwa m'chilimwe sangafanane ndendende ndi wa ku Likuni wothyoledwa m'dzinja. "Masamba odzaza dzanja" a lero akhoza kukhala ofooka, a mawa n'kukhala opyola muyeso.

Mawu akuti "zachilengedwe sizipweteka" makolo athu sakanawavomereza. Ankadziwa mwavi, ankadziwanso kuti nthanga za nsatsi zimapha. Ku Belgium chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, amayi ambiri anawonongeka impso atamwa mankhwala ochepetsa thupi mmene munalowa chitsamba cha Aristolochia, ndipo ena anadzadwala khansa ya njira ya mkodzo. Zitsamba zina zimalimbana ndi mankhwala a kuchipatala. Chitsamba cha ku Ulaya chotchedwa St John's wort chimachititsa chiwindi kuchotsa msanga ma ARV ena ndi mapiritsi olera. M'dziko ngati lathu, mmene anthu ambiri ali pa ma ARV, pa mankhwala a TB, a shuga kapena a BP, funso limeneli si laling'ono.

N'chifukwa chake mankhwala atsopano amadutsa m'masitepe ambiri. Akachoka mu kambale amayesedwa pa maselo, kenako pa nyama, kenako pa anthu athanzi ochepa kuti aone ngati sakuvulaza, kenako pa odwala ochepa, pomaliza pa odwala ambiri poyerekeza ndi mankhwala amene alipo kale. Ulendowu umatenga zaka 10 mpaka 15, ndipo pa mankhwala 10 amene afika poyesedwa pa anthu, pafupifupi 9 amagwera m'njira. Kafukufuku wambiri wa zomera amene timatumizirana ali pa sitepe yoyamba yeniyeniyo.

Pamene chiyembekezo chili

Ndikuona kuti mbali yosangalatsa ya nkhaniyi ndi imene sitchulidwa kawirikawiri. Zikuoneka kuti zomera sizidalira chida chimodzi champhamvu, koma zinthu zingapo zofooka zothandizana. Mu 2000 akatswiri ku America, Frank Stermitz, Kim Lewis ndi anzawo, anafufuza chitsamba cha Berberis. Chili ndi berberine, amene payekha ndi wofooka chifukwa Staphylococcus amamulavula ndi timapampu tija. Anapeza kuti chitsamba chomwecho chimapanganso chinthu china chimene sichipha bakiteriya konse, koma chimatseka pampuyo kuti berberine akhazikike mkati. Izi zinatsegula maganizo akuti mwina ntchito ya zomera si kulowa m'malo mwa maantibayotiki, koma kubwezeretsa mphamvu kwa amene anafooka. Njirayi si yachilendo kuchipatala. Augmentin ndi amoxicillin wophatikiza ndi clavulanic acid, amene ntchito yake ndi kutsekereza madzi a bakiteriya ophwanya mankhwala, ngakhale clavulanic acid ameneyu anachokera ku bakiteriya wa m'dothi, osati ku chomera.

Njira ina ndi yolanda bakiteriya zida m'malo momupha. Mabakiteriya amatumizirana zizindikiro, ndipo akazindikira kuti achuluka m'pamene amatulutsa poizoni limodzi. Mu 2017 gulu la Cassandra Quave pa yunivesite ya Emory ku America linaonetsa kuti zotengedwa ku zipatso za mtengo wa ku Brazil wotchedwa Schinus terebinthifolia zimasokoneza kulankhulana kumeneku kwa MRSA, ndipo zinaletsa zilonda kukula pa khungu la mbewa za mu labotale. Mtengowu asing'anga a ku Brazil akhala akuugwiritsa ntchito pa zilonda kuyambira kale. Komabe zotsatirazi ndi za mbewa, osati za anthu.

Pakhungu, m'kamwa ndi pa zilonda zapamwamba m'pamene zomera zili ndi mwayi waukulu, chifukwa mankhwala amafika pamalopo osadutsa m'mimba ndi m'chiwindi. Ngakhale pamenepo ukhondo ndi wofunika. Phala la masamba losinjidwa pamwala wa fumbi likhoza kulowetsa kafumbata m'bala.

Nkhani ya artemisinin ija ikusonyeza mmene nzeru za makolo ndi sayansi zimakumanirana. Tu Youyou anapeza njira m'zolemba zakale za asing'anga a ku China, zimene zinamuthandiza kuzindikira kuti kutentha kunkawononga mankhwalawo. Popanda asing'anga aja sakanadziwa poyambira, ndipo popanda labotale sipakanapezeka mlingo wodalirika. Lero bungwe la WHO sililimbikitsa kumwa tiyi wa Artemisia pochiza malungo, chifukwa mlingo wake ndi wosakhazikika ndipo ukaperewera ukhoza kuphunzitsa kachilombo kukana LA yemwe.

Asing'anga athu nawo ali ndi chidziwitso cha mitengo chimene wofufuza wa ku Bunda kapena ku Zomba sangachipeze m'buku. Pangano la Nagoya la mu 2010, limene Malawi analowamo, limati eni chidziwitso chotere ayenera kuvomereza chisanatengedwe ndiponso kupindula nawo chikabala phindu. Palinso nkhawa ya mitengo yeniyeniyo. Mtengo ukasendedwa khungwa kuzungulira thunthu umauma, ndipo mbiri ikangomveka kuti mtengo wakuti ukuchiza, anthu amaukhamukira.

Uthenga wina ukabwera

Funso loyamba ndi lakuti anayesa pa chiyani: mu kambale, pa mbewa kapena pa anthu odwala? Kenako, anaviika m'chiyani, mlingo wake unali wa mayikulogalamu kapena mamiligalamu, ndipo anayesa bakiteriya wa gulu liti? Onaninso ngati wotumizayo ali ndi botolo limene akugulitsa. Amene amayang'anira mankhwala m'dziko muno ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndipo munthu ali ndi ufulu kufunsa wogulitsa ngati katundu wake anaunikidwa kumeneko.

Tiyi wa jinja ndi mandimu pa chimfine wamba alibe vuto kwa anthu ambiri, ndipo ndi wabwino kuposa amoxicillin amene sangachite kanthu pa vairasi. Koma mabakiteriya akalowa m'magazi, nthawi imawerengedwa m'maola. Khanda limene latentha thupi kapena lasiya kuyamwa, mwana wopuma mobanika, mayi amene wayamba kunjenjemera ndi kutuluka zonunkha atabereka, munthu amene khosi lauma kapena wayamba kubwebweta, bala lotupa limene likufalikira: onsewa ndi a kuchipatala tsiku lomwelo. Ngati mankhwala oyamba sanagwire, m'zipatala zazikulu monga Kamuzu Central amatha kumeretsa bakiteriya wa m'magazi, mumkodzo kapena m'mafinya n'kuona antibayotiki amene angamugonjetse, pogwiritsa ntchito kambale ndi timapepala tomwe tija.

Mukafika kumeneko, auzeni adokotala kapena anamwino zonse zimene wodwala wamwa, makapusozi a pa golosale ndi zitsamba zomwe, ndipo ngati n'kotheka tengani paketi kapena botolo lake. Ambiri amabisa poopa kukalipiridwa. Koma antibayotiki amene munthu wamwa dzulo amatha kulepheretsa bakiteriya kumera mu labotale, zotsatira n'kuoneka ngati mulibe matenda, ndipo chitsamba chimene chalemetsa impso kapena chiwindi chimasintha mankhwala ndi mlingo umene adokotala angasankhe.